Tsiku Limene A Mbewe Anatsikira M'dzenje

Lachiwiri lapitali a Mbewe anakwanitsa chaka ali m'manda, ndipo ine ndinadzuka m'mamawa ndikumva sowo ikulira kudambo. Ndinatuluka osavala n'komwe nsapato, nkhungu ili mbuu kuyambira pakhonde mpaka kumtsinje, n'kuima kumvetsera. Kunalibe sowo iliyonse. Zinali ng'ombe za alamu anga zikupuma m'khola. Ndinadziseka ndekha, kenako ndinalira pang'ono, chifukwa munthu amene wakhala moyandikana ndi kulira kuja zaka zambiri sangakuiwale. Sowo ya anthu awiri ikamakwera imakhala ngati ikukoka mpweya, ikamatsika n'kukhala ngati ikuusa moyo, ndipo m'mudzi mwathu muno, kufupi ndi Champhira, tinkadziwa kuti kwacha tikaimva.

Ine ndine NyaMoyo, mlembi wa mpingo wathu, ndipo nyumba yanga inayang'anizana ndi yawo. Za ine zithere pomwepo. Ndikufuna ndinene za iwo, ndipo ndisakunamizeni, a Mbewe sanali munthu wophweka ayi.

Kwawo kunali ku Ntcheu. Anabwera kuno ali mnyamata kudzafuna ntchito m'nkhalango ya paini ku Viphya, n'kuphunzira kunola macheka, n'kukwatira NyaNgwira wa m'mudzi muno, osabwereranso. Chitumbuka chinawakana mpaka kumanda. Anatolamo mawu awiri okha, yewo ndi mbwenu, ndiye kuti zikomo ndi basi, ndipo ankawawaza paliponse ngati mchere. Anali aafupi, koma mikono yaitali ngati yobwereka, pensulo ili kukhutu ngakhale patsiku la mgonero. Chilichonse cha thabwa sankachidutsa osachikhudza. Chitseko, benchi, mpini wa khasu, ankayendetsa chala chachikulu m'mphepete mwake, n'kutsinzina diso limodzi, n'kupukusa mutu. Ngakhale pamaliro, abale! Anthu tikulira, iwo ali pafupi ndi bokosi, diso limodzi lotsinzina, kuona ngati chivundikiro chakhala bwino.

Ana a masiku ano amawakumbukira ngati nkhalamba ya utuchi m'tsitsi, m'makutu ndi m'matumba, yotsokomola ikamaseka. Ine ndimakumbukiranso a Mbewe ena, akale, amene ankaweruka kocheka malaya ali oyera ngati akuchokera ku ofesi. Pakati pa anthu awiriwa pali nkhani imene ndikufuna kusimbayi.

Anakangana ndi akulu a mpingo miyezi itatu chifukwa cha gome lakutsogolo, ati mwendo wake umodzi ukunama. Anakana kukhala pa benchi ina poti inali yokhota, n'kumaimirira kumbuyo mapemphero onse, mpaka abusa anagonja. Ankati pemphero lalitali lili ngati sowo yobuntha, thukuta lambiri koma utuchi wochepa, ndipo ankanena zimenezi wopempherayo ali pomwepo. Ankatinso mtengo uliwonse umakhala kale ndi matabwa ake m'mimba, wocheka amangowatsegulira njira. Akafika pamenepo mawu awo ankafewa, maso n'kupita kutali, n'kuyamba kusimba za ku Viphya, kuti m'mawa nkhungu ikagwira nkhalango mitengo imaoneka ngati ikuyenda, ndipo umamva nkhwangwa ya mnzako iyeyo osamuona. Ankati kumwamba kukakhala kopanda fungo la paini wongochekedwa kumene, iwo adzapempha kubwerera.

Ntchito itawathera kunkhalango anabwera ndi sowo yawoyawo, yaitali kuposa munthu, ya zigwiriro ziwiri. Kwa inu amene simunaione, imagwira ntchito chonchi. Amakumba dzenje lakuya moti munthu n'kubisika, pamwamba n'kumanga thandala, n'kugubuduzirapo chipika. Amaviika chingwe m'madzi akuda a makala a mabatire akutha, n'kuchikunga pachipika, n'kuchikoka pang'ono kuti chikamenya mtengo chisiye mzere. Wina amaima pamwamba pa chipika, wina m'dzenje. Wapamwamba amakweza sowo ndi kuyang'anira mzere, amapuma mphepo yabwino, ndipo matabwa akatuluka owongoka anthu amatchula dzina lake. Wapansi amaikokera pansi, ndipo utuchi wonse umamugwera m'mutu, m'kamwa ndi m'maso. N'chifukwa chake ocheka amasinthana, chipika ichi iwe pamwamba, chinacho ine. Palibe pamene zinalembedwa, koma wocheka aliyense amazidziwa.

A Mbewe sanasinthanepo. Zaka makumi awiri anacheka ndi a Shaba a ku Engutwini, mnzawo wa ku Viphya, bambo wamtali wosayankhulayankhula amene anawatsatira kuno n'kumagona m'kanyumba ka kuseri kwawo. Zaka zonsezo a Shaba anali m'dzenje, atafunda chiguduli kumutu, maso ali psuu. A Mbewe ankati diso la a Shaba silidziwa mzere. Ankanena moseka, a Shaba n'kuseka nawo, ife tonse n'kuseka. Lero ndikakumbukira kuseka kwanga kuja ndimachita manyazi.

Amama NyaNgwira okha ndiwo sankaseka. Madzulo aliwonse ankafunditsa madzi, kuthiramo kamchere, n'kuwapatsa a Shaba kuti atsuke m'maso. Tsiku lina ndinawamva akuuza amuna awo pakhonde kuti munthu si muzu wokhalira pansi moyo wake wonse. A Mbewe anayankha kuti akazi sadziwa za macheka. Amamawo anangowayang'ana, n'kuwalanda mbale ya mtedza imene ankadya, n'kukaipereka kukanyumba ka kuseri.

Pakati pa mudzi wathu ndi msewu wopita ku Embangweni pali kamtsinje. M'chilimwe mwana amakadumpha, koma mvula ikakhazikika kamasanduka chilombo, ndipo kamatha masiku awiri kapena atatu kosawolokeka. Chaka chimene tinayamba kuvotera zipani zambiri, mphepo inagwetsa mtengo waukulu wa mbawa m'mphepete mwake. Mpingo unagwirizana kuti uchekedwe, timange ulalo. Amuna a mudzi wonse anagubuduzira chipikacho pathandala akuimba, ndipo a Mbewe analonjeza pamaso pa anthu kuti mvula ikamadzabwera odwala adzakhala akuwolokera pa matabwa awo.

Tsiku loyamba kucheka ine ndinkachapa chapafupi. Sowo itafika pakati pa chipika, inaima.

"Adada, ndapota, lero lokha tisinthane," anatero a Shaba ali m'dzenje. "Maso akuwawa chomene."

"Mtengo uwu ndi mbawa, a Shaba, si paini wophunzirirapo," anayankha a Mbewe. "Mukakhotetsa, wina tikautenga kuti? Kokani tione."

A Shaba sanakoke. Anatuluka m'dzenje pang'onopang'ono, anavula chiguduli chija, anachikung'untha, anachipinda bwinobwino n'kuchiika m'mphepete. Anangoti, "Yewo, adada." Madzulo ake tinamva kuti akwera galimoto pa Jenda.

Chipika chija chinakhala pathandala zaka zisanu ndi ziwiri, chili ndi bala lake lofika pakati. A Mbewe anayesa amuna ena a m'mudzi, koma palibe amene anatha nawo tsiku limodzi. Anachimangira denga la udzu, ankachipaka oilo wakutha wa kuchigayo kuti chiswe chisalowe, ndipo m'mawa uliwonse ankapita kukachizonda ngati wodwala. Ndinawauza kangapo kuti, "Adada, atumizireni kalata a Shaba, ine ndikulemberani." Ankandiyankha kuti iwo sanathamangitse munthu, amene anachoka yekha njira yobwerera akuidziwa.

Chaka chachinayi, mvula ili pakati, amama NyaNgwira anadwala chibayo. Tinawanyamula pamachira, koma tinapeza mtsinje wadzaza, madzi ali ofiira, akudutsa ndi mitengo yomwe. Tinadikira mpaka dzuwa kupendeka, n'kubwerera nawo kunyumba. Mawa lake zinali chimodzimodzi. Tsiku lachitatu tinawoloka madzi ali m'chiuno, koma amama anatisiya tili m'njira, chipatala tisanachione. Chipika chija chinali pomwepo, pafupi ndi pamene tinkatula machira, ndipo masiku atatu onsewo a Mbewe sanachiyang'ane ngakhale kamodzi. A Shaba anabwera pamaliro monga mwa mwambo, anakhala patali, n'kuchoka osapatsana moni ndi a Mbewe. Kuyambira pamenepo a Mbewe analeka kukangana ndi anthu. Ankakhala pa benchi iliyonse imene yapezeka, ndipo zimenezi zinkatiopsa.

Tsopano za msonkhano umene unachitika chaka chachisanu ndi chiwiri. Inabwera kalata yoti mipingo yosiyanasiyana ikumana ku Mzimba masiku atatu, kukambirana za luso limene Mulungu anapatsa anthu, za kugwirira ntchito pamodzi, ndi za kutumikira midzi yathu. Mpingo uliwonse utumize anthu awiri, mmodzi akhale wa luso la manja, abwere ndi chida chake. Akulu a mpingo anasankha ine chifukwa cha cholembera, ndi a Mbewe chifukwa ankafuna kuti bamboyo aoneko kunja, asafere pakhonde. Ine ndinkayesa kuti anyamula kampando kapena tupa yawo yonolera. Aaa! M'mawa wa ulendo ndinawapeza avala jekete yawo ya pamaliro, sowo yonse ili paphewa, yokulungidwa m'masaka.

Pa Jenda kondakitala anakana. "Madala, chimenechi chilowa pati? Mukufuna muticheke tonse?" Anakokanakokana mpaka anaimangirira padenga la minibasi. Ndiye tamverani. Galimoto itayamba kuthamanga mphepo inalowa m'mano a sowo, ndipo inayamba kung'ung'udza pamwamba pathu, kamawu kochepa kosalekeza. Anthu analeka kucheza. Mwana amene ankalira kumbuyo anagona. A Mbewe anatsamira zenera, maso ali kumapiri, milomo ikuyenda, kaya ankapemphera kaya ankawerenga mitengo, ndipo tinalowa m'tauni ngati anthu olota loto limodzi. Titatsika anayamba apita kumsika kwa Che Amidu ogulitsa zitsulo kukasankha tupa yatsopano. Anakana zisanu, n'kutenga yachisanu ndi chimodzi.

Mu holo munadzaza. Munali amayi oumba mbiya, wojambula zithunzi wa ku Embangweni, wosula makasu, mlimi wa njuchi, ndi oimba a gitala ya chigubu. Otsogolera anali mayi Chisale ochokera ku Lilongwe, mayi wochangamuka, wa mapepala akuluakulu omata pakhoma ndi zolembera zamitundumitundu. Ankatigawa m'magulu, kutiphatikiza, kutigawanso, mpaka mutu unandizungulira. Kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, kunakhala bambo wamtali ali ndi mulu wa malichero ndi madengu, ndodo ili pakati pa miyendo. Anali a Shaba. Mpingo wa kwawo unawatumiza ngati woluka, poti maso awo anali atayera, ndipo kuluka ndi ntchito imene zala zimatha kugwira zokha.

A Mbewe anawaona, n'kuyang'ana kumbali. Pachakudya ankaima pamzere wina, popemphera ankakhala mbali ina. Koma m'mawa uliwonse ankakhala panja pa holo n'kumanola sowo, dzino limodzilimodzi, ndipo ndinaona a Shaba atapendeketsa mutu, zala zitaima padengu, akumvetsera tupa ija.

Tsiku lachiwiri mayi Chisale anati aliyense ajambule chimene amalotera dera lake. Ena anajambula zipatala, ena mijigo, ena sukulu zansanjika. A Mbewe anachotsa pensulo kukhutu, n'kujambula mizere iwiri yowongoka kuchokera mbali ina ya pepala kufika mbali inayo, popanda rula. Basi.

"Agogo, ichi n'chiyani?" anafunsa mayi Chisale.

"Ulalo."

"Zabwino kwambiri. Ndiye chikusowa n'chiyani? Mitengo?"

"Mtengo ulipo."

"Zida?"

"Zilipo."

"Anthu a m'mudzi akuufuna?"

"Akhala akuufuna."

"Nanga bwanji sunamangidwe?"

A Mbewe anabwezera pensulo kukhutu. Anayang'ana pepala lawo nthawi yaitali, ndipo mayi aja, pokhala anzeru, anapita pa munthu wina.

Tsiku lomaliza linali loti aliyense aonetse mmene luso lake limagwirira ntchito, osangolifotokoza pakamwa. Oumba anaumba, oimba anaimba. Itafika nthawi ya a Mbewe, anati iwo sangaonetse kanthu popanda chipika, dzenje ndi munthu wachiwiri. Anthu anasangalala, nanga si anali atatopa ndi mipando. Kuseri kwa holo kunali dzenje la zinyalala longokumbidwa kumene, lisanatayidwemo kanthu. Amuna anayalapo mitengo iwiri, anatenga chipika cha bulugamu pa nkhuni za kukhitchini, a Mbewe anamenya mzere wawo wakuda, anavula nsapato n'kukwera pamwamba. Msonkhano wonse unazungulira dzenjelo, dzuwa litayamba kupendeka.

Woyamba kutsika anali mbusa wina wathupi labwino. Sowo itafika pansi anaikankhira m'mwamba ndi mphamvu zake zonse, ndipo inapindika n'kulira ngati mbuzi yogwidwa mwendo. Anthu anaseka mpaka misozi. Anatsika mphunzitsi wina, zomwezomwezo.

"Musakankhe!" anakalipa a Mbewe. "Sowo iyi sakankha. Inu kokani nthawi yanu, ikakwana yanga musiye ndikoke. Mukamati mukundithandiza ndiye mukundiwonongera."

Mayi Chisale anathamangira papepala lawo n'kulemba mawuwo ndi cholembera chofiira, ati phunziro lonse la msonkhano ndi limeneli. Anthu anaomba m'manja. Ine zinandinyansa, ndinene zoona. Ankaombera mawu, osaona kuti nkhalamba yaima yokha pachipika, itagwira mbali imodzi ya sowo, mbali inayo ikulendewera m'dzenje mopanda munthu.

Kenako kumbuyo kunamveka mawu. "Mwanola bwino chomene, adada. Koma ikulira molakwika."

Anthu anapatuka. A Shaba anabwera akufufuza pansi ndi ndodo mpaka m'mphepete mwa dzenje. Anaika ndodo pambali, anavula jekete, n'kukhala pansi kuti atsetserekere m'dzenjemo monga ankachitira zaka makumi awiri. Palibe amene anawauza kutero. Miyendo yawo inkadziwa malo ake.

"A Shaba, imani pomwepo."

A Mbewe anatsika pachipika. Sanavule n'komwe jekete. Anagwira m'mphepete ndi mikono yawo yaitali ija n'kudzitsitsira m'dzenje, mpaka tinkangoona kamutu kawo koyera ndi pensulo.

"Kwerani pamwamba," anatero ali pansipo.

"Yayi, adada. Mzere sindikuuona."

"Ine ndauona zaka makumi awiri. Wandifikitsa kuti? Kwerani, a Shaba. Ndapota."

Ndinali ndisanawamvepo akupempha munthu aliyense chinthu, m'chinenero chilichonse.

Amuna awiri anawakweza a Shaba. Anavula nsapato, anayendetsa zala zakumapazi pachipika, anagwira chigwiriro. Anakweza sowo, n'kudikira. Pansi a Mbewe anakoka. Kukwera, kutsika, kukwera, kutsika, ndipo kulira kuja kumene ndinakusowa zaka zisanu ndi ziwiri kunabwerera kuseri kwa holo ya ku Mzimba. Utuchi unkagwa pang'onopang'ono m'kuwala kwa dzuwa, wofiirira, n'kutera pamutu pa a Mbewe, pamapewa a jekete, pankhope imene anaikweza m'mwamba osaiphimba. Misozi inkayenda n'kupanga tinjira mu utuchiwo. Kaya unali utuchi wokha umene unkawaliza, sindinawafunse. Amayi ena anayamba kung'ung'udza nyimbo ya mapemphero motsatira sowo, ena n'kulandira, ndipo sindidziwa kuti tinaima nthawi yaitali bwanji. Ophika anabwera kudzatiitana kawiri, nawonso n'kutsalira pomwepo.

Thabwa linatuluka lokhota ngati nthochi. A Mbewe atatuluka m'dzenje analinyamula, anayendetsa chala m'mphepete, anatsinzina diso. Ine mtima unali m'mwamba, poti ndinkawadziwa. Anayang'ana, anayang'ananso, n'kunena kuti, "Mbwenu. Yewo, a Shaba." A Shaba anatambasula dzanja, anapeza phewa la mnzawo n'kuyamba kulisasa utuchi. Zokambirana zawo zonse zinathera pamenepo, ndipo mawu oti pepani sanamveke.

Tinabwerera atatu. Anzathu a kumsonkhano sanatitaye. Wosula makasu uja anatisulira misomali ikuluikulu, amuna a mipingo iwiri ya kutsidya anabwera kudzazika mizati, ngakhale Che Amidu atamva nkhaniyo anatumiza tupa ina. Pachipika cha mbawa a Mbewe anasema kangalande ndi mpeni motsatira mzere, kuti a Shaba azikamva ndi chala chakuphazi. Anatulutsanso chiguduli chija. Anali atachisunga m'sutukesi zaka zonsezo, chopinda mmene mwini wake anachisiyira, ndipo tsopano ankachifunda iwo. A Shaba anapempha kangapo kuti azisinthana monga amachitira ocheka onse. A Mbewe ankangoti utuchi wawo sunakwane, ndipo sanakwerenso pachipika mpaka imfa.

Ulalo unatha mvula isanagwe. Matabwa ake ndi okhotakhota, ana amati umavina. Poyendapo a Mbewe ankapisa manja m'matumba, koma ndinkaona chala chachikulu chikugwedezeka m'katimo. Tsiku loyamba, asanawoloke, anaima pamene tinkatula machira a NyaNgwira, anavula chipewa, n'kukhala pomwepo mpaka dzuwa linafika pamutu. A Shaba anaima pambali pawo. Pambuyo pake mikangano yawo inabwerera, ndipo tinathokoza Mulungu. Sabata lotsatira anadzudzula poyera guwa latsopano, ati lapendekera kumanzere.

Anacheka limodzi zaka zina zinayi. Chifuwa chinawayamba m'nyengo yozizira, ali pakati pa chipika cha paini cha mabenchi a ana asukulu. Anauza a Shaba kuti sowo aisiye momwemo, amaliza akachira. Tinawawolotsa pa ulalo wawo kupita ku Embangweni, ndipo patapita masiku asanu tinawawolotsanso pobwera. Bokosi lawo tinakhoma ndi matabwa a mbawa otsala pa ulalo. Chivundikiro chinakana kukhala bwino, chinasiya kampata kolowa chala, ndipo amayi tinaseka m'kati mwa maliro, poti tonse tinawaona akupukusa mutu. Maliro atatha a Shaba anabwerera ku Engutwini, atatiletsa kuzula sowo pachipika.

Lachiwiri lija, nkhungu isanachoke, ndinangoona galimoto yaima kutsidya, a Shaba akutsika. Tsopano saonanso chilichonse. Anawoloka ulalo okha, mapazi akuwerenga matabwa.

"NyaMoyo, ndiperekezeni kudzenje," anatero.

Ndinawagwira dzanja. Titafika anapaka sowo oilo ndi kansalu kamene anabwera nako, anavula nsapato, ine n'kuwathandiza kukwera. Anapeza kangalande ndi chala, anagwira chigwiriro, anakweza sowo m'mwamba. N'kudikira.

Ine ndinayang'ana m'dzenje. Denga la udzu labooka mbali imodzi, utuchi wakale wada, ndipo m'mbali mwamera timaudzu. Pakati pali timaenje tiwiri pamene mapazi a a Mbewe ankaponda, tonyowa ndi mame. Chiguduli chili m'mphepete, chopinda bwinobwino, mwala uli pamwamba. Chigwiriro chapansi chinkalendewera pamwamba pa timaenje tija, nkhungu ikudutsa pansi pake. A Shaba anagwirabe sowo m'mwamba mpaka mikono inayamba kunjenjemera, atapendeketsa mutu, akumvetsera. Pansi panalibe wokoka.